Bowo Lachisanu ndi Chiwiri

Ine ndili pa Ginnery Corner, nsapato ndavulira pansi pa tebulo.
Rauta ili ku Limbe, m'kachipinda ka kuseri kwa makauntala
momwe amasungiramo mopu ndi makalendala a zaka zapita.
Pakati pathu pali chiperoni
ndi maminibasi amene aleka kale kuitanira.

Mawaya amenewa analumikiza ndi a Mangulenje.
Mapu onse anali m'mutu mwawo,
ndipo mutuwo tinauperekeza ku Chiradzulu mu Febuluwale.
Anatisiyira kope la masamu lonyowa m'mphepete,
mzere umodzi wokha wowerengeka:
"wabuluu upita kwa bwana."
Mawaya onse makumi awiri ndi anayi ndi abuluu.

Ndiye ndaimbira a Matewere, mlonda wa usiku.
Magalasi akuti aiwala ku Bangwe,
koma tochi ilipo, "ingonenani, mayi."

Ndalemba lamulo, ndatseka bowo limodzi.
Kuno sikunagwedezeke kanthu,
liwu limodzi lokha latembenuka pagalasi.
"Pali kanyali kazima?"
Ndikumva kupuma kwawo, makiyi akulira m'thumba.
"Kazima, eya. Kachitatu kuchokera kukhomo."
"Khomolo lili kumanzere kapena kumanja?"
"Zitengera mwaima bwanji, mayi."

Ndaseka ndekha mu ofesi yopanda anthu.
Makinawa amayamba kuwerenga pa ziro,
a Matewere amayambira pachitseko,
a Mangulenje ankayambira pomwe akudziwa ndi Mulungu.

Tayambiranso.
Ine ndizimitse, iwo aone, agwire waya,
autsate ndi chala ngati wolondola dzungu komwe layangira,
kuseri kwa kabati, pansi pa kapeti,
mpaka atulukire pa pulinta ya akalaliki, akuyetsemula.
Amatapo kapepala, ndiwauze cholemba.
Loyamba, kauntala ya ndalama.
Lachiwiri, kamera ya pageti,
ija imawajambula iwo omwe akamawodzera.
Lachisanu khoswe anamaliza kalekale
ndipo palibe anadandaulapo.

Pa lachisanu ndi chiwiri dzanja langa laima m'mwamba.
Limodzi mwa mabowowa ndi khomo lomwe ndalowera ine.
Ndikalitseka ndadzitsekera kunja,
makiyi ali m'kati,
mawa ndi kulawirira pa Highway, ndi nkhope ya bwana.
Manambala a pagalasi akundiyang'ana, onse ofanana
ngati ana asukulu pa mzere.

"Mayi, uwu uli ndi kapulasitala kakale.
Palembedwa kanthu."
"Palembedwa chiyani?"
Ayandikitsa tochi. Akutola chilembo chimodzichimodzi
ngati mpunga wotayikira mumchenga:
"O-sa-khu-dza."

Ndabweza dzanja pachifuwa.
Bolopeni yofiira ija, ndikuidziwa,
inkakhala kukhutu ngakhale m'tchalitchi.
Munthu sanalembe kalikonse zaka khumi ndi zinayi,
koma apa pokha, pomwe wina akanagwera,
anaikapo mwala.

Mayunitsi atsala a mphindi ziwiri.
Ndalemba mu mzere wake, mwa zilembo zazikulu:
njira yobwerera kuno.
Ndawonjezera tsiku, ndi dzina langa,
kuti wobwera pambuyo panga adziwe womutukwana.
Mabowo khumi ndi asanu ndi awiri adikire Lolemba.

"Nanga tinyaliti, mayi,
tizingophethira chonchi mpaka kuche?"
"Mpaka kuche, bambo."
Akhala chete pang'ono. Chitseko chalira.
"Basi, ndimayesa ndimachezera ndekha."