Mapaipi Atatu pa Tebulo

Mu galaja ya kuseri kwa nyumba, kuno ku Tandil,
mapaipi atatu agona pa tebulo lachitsulo:
ya mamilimita sikisite, ya sevente-sikisi,
ndi ina yotakata, yoti nkhonya yanga n'kulowamo.

Bokosi la mpweya tinawotcherera tokha Lachitatu
ndi chikwangwani chakale cha sitolo ya tchizi.
Dzina la mwini sitolo likuwerengekabe pambali, chozondoka.

Ine ndikufuna yotakatayo.
Injini imeze mpweya mpaka ikhute, ndikutero.
Malume Anselmo sakuyankha.
Akudikira mpweya wawo.
Zaka makumi atatu akuswa miyala pa kwale,
fumbi linamanga nyumba m'mapapo mwawo,
ndipo lero kachubu kopyapyala
kamachoka pa botolo lachitsulo, kudzera kuseri kwa makutu,
n'kukathera m'mphuno.

Mpweya utafika akuti:
Maite, khomo likakula mlendo amalowa mwaulesi.
Paipi yotakata mphepo imazengereza,
udzaponda moto pokwera chitunda
galimoto n'kumaganiza kaye.
Apuma. Wefu. Wefu.
Yopapatiza imathamangitsa mphepo, inde,
koma injini ikakwiya, ikafuna zambiri,
imabanika.
Apa akudziloza pachifuwa ndi sipanala.
Usandifunse kuti ndikudziwa bwanji.

Tikuwerengera kuseri kwa kalendala:
malita awiri a injini, maulendo amene imazungulira pa mphindi,
kutalika kwa paipi kuchokera pa sefa,
kona imodzi yokhota kuzemba batire.
Pensulo ikuthyoka. Samu zikuloza pakati.
Sindikukhutira, koma ndikunyamula ya sevente-sikisi,
ndikuipala m'milomo kuti pasatsale kachitsulo kokola mphepo,
ndikumanga zomangira ziwiri, imodzi yobwereka pa makina ochapira.

Loweruka m'mawa kukuzizira.
Botolo lawo talimangirira ndi lamba pampando wakumbuyo.
Pa chitunda cha ku kwale yakale ndikuika giya yachitatu,
ndikuponda.
Pansi pa boneti chinachake chikukoka mpweya wautali,
umodzi, wosaduka,
kuyambira pa mlatho mpaka pamwamba.

Ndikucheuka kuti ndimve chigamulo.
Malume atsinzina, pakamwa pali yasa,
chifuwa chikuyesa kutsatira injini,
chikutsalira.

Bwerera pansi, akutero.
Tikwerenso.

Paipi yotakata ija ikadali pa tebulo.
Azakhali Nélida akuti adzalamo maluwa.