Njanji ya pa Chitseko

Chitseko chakale ndinachitola ku Rosettenville,
ndachigoneka pa makatoni pafupi ndi bedi.
Ndikaweruka ndimadula timitengo ta machesi,
kamodzikamodzi, n'kumata ndi guluu.
Timisomali take ngati utitiri:
kakagwa pansi, iwalani.

A Mkwezalamba a chipinda chinacho amaseka:
"Munthu wandevu zako, zidole?"
Sindiyankha. Ndili pokhota,
chitsulo chikukana kupindika.

Agogo aamuna anabwera kuno ku Joni
pa sitima ya Wenela
n'kutchona.
Yangayi ndi yozungulira.
Imanyamuka pa siteshoni ya kabokosi ka tiyi
n'kubwerera pomwepo.

Usiku uno magetsi azimanso.
Ndayatsa kandulo,
ndikuikankha ndi chala
mpaka ifike.