Tsamba la ku Moatize

Lachiwiri, siren isanalire ya nkhomaliro,
nyundo yanga inang'amba mwala wakuda pakati,
ndipo m'katimo munagona tsamba,
lalitali ngati lilime la ng'ombe,
mitsempha yake yonse ili mbee.
Ndinalipukuta ndi mkono wa ovolosi.

Zulmira, mtsikana woyeza miyala,
analilandira ndi manja awiri
monga timalandirira khanda la mnzathu.
Akuti, Tiyu Bernabe, lomweli lili ku India,
lili ku Brazil, lili pansi pa madzi oundana kummwera kwenikweni.
Ndinati, analinyamula ndani?
Akuti, palibe. Dziko ndilo linang'ambika
ngati chitenje chimene ana akulimbirana.

Tinakhala pa tayala la chigalimoto, fumbi lili m'mano.
Akuti pano panali dambo,
ndipo m'matope munkakwawa chinthu
chosakhala buluzi, chosakhala galu.
Zidzukulu zake zinachepa, zinachepa,
mpaka kufanana ndi chala changa chodukachi.
Masana anali a zimphona za mamba,
izo zinatenga usiku.
Mumdima zinaphunzira ubweya,
zinaphunzira kununkhiza, kumvetsera,
ndipo ina, palibe adziwa dzina lake,
inatuluka thukuta loyera pamimba
mwana wake n'kunyambita.

Ndinasiya kutafuna chinangwa changa.

Zimphona zitatha, akuti,
Afrika anatsala yekha pakati pa nyanja
ngati mwana wotsekeredwa m'nyumba,
ndipo anadziumbira zakezake:
njovu, mbira ya m'mapanga, nkumbakumba,
ndi sakhwi wa mphuno yaitali.
Onsewo mimba imodzi.
Ndinaseka mpaka kutsokomola malasha.
Sakhwi amene ndinkatchera ku Domwe ndili mwana,
uja ndinkawotcha ndi mchere,
ndinkadya msuweni wa njovu osapepesa!

Anyani ena, akuti, anawoloka nyanja
atakakamira pa mitengo yokokoloka.
Apo sindinatsutse.
Ndinaonapo Zambezi mu Febuluwale
atanyamula chilumba chathunthu cha bango
pansi pa mlatho wa ku Tete,
pamwamba pake mbuzi ikulira.

Kenaka dziko lathu, likuyenda pang'onopang'ono
monga imakulira chikhadabo,
linagunda phewa la dziko la kumpoto.
Khomo linatseguka.
Njovu zinatuluka kukaona chisanu,
makolo a mkango analowa, a nguluwe analowa,
ndipo mbidzi, yathu yomweyi ya mizeremizere,
agogo ake anachokera ku Amerika wapansi.

Nanga mwini dziko ndani?
Zulmira anangokweza mapewa, n'kulemba nambala pamwala.

Ine sindinamuuze
kuti mayi anga anandiwolotsa malire ndili kumsana,
usiku, mfuti zikulira ku Ulongwe,
atanditseka pakamwa ndi bere kuti ndisalire.
Ku Dedza ankatitcha othawa.
Titabwerera ankatitcha a ku Malawi.
Chonsecho msewu womwewo
ndi umene unadula munda wa amalume pakati,
chimanga uku, mbatata uko.

Tsamba analikulunga m'nyuzipepala,
likupita ku Maputo m'bokosi,
ulendo wake woyamba chiyambire.
Ine Loweruka ndikwera shapa ya ku Zobwe,
ndikaima pamzere, chitupa m'manja,
kuti msilikali andiyang'ane nkhope kawiri.

Koma usiku uno sitima ya malasha yadutsa,
yanyamula dambo lakale kupita nalo kudoko,
ndipo nyumba yasiya kunjenjemera.
Kudenga khoswe akuthamanga ndi ana ake.
Sindimuponyera nsapato lero.
Pamphasa, Jasinta wagona chammbali,
kamwana kathu kakufufuza mumdima ndi mphuno,
kaphonya, kadandaula, kapeza.
Ndikumva kakumeza.
Phokoso limenelo ndi lakale kuposa Zambezi,
ndipo silinaonetsepo chitupa pamalire alionse.