Mipeni Mazana Anayi

Usiku ku Mchini, m'kachipinda ka Zebroni
kuseri kwa mpando wometera,
ndine wosula zitsulo wa mfumu.
Ndasula mipeni mazana anayi,
yofanana yonse, yobuntha, yopanda wogula,
kuti kamzere kofiira kadzaze,
belu lilire ngrii,
ndikwere sitepe ina.

Mphoto yake kadontho kamodzi.
Ndikaike pati?
Pa lupanga? Pa uta?
Pa kunyang'ama kuti alonda a pachipata asandimve?
Zebroni akuti, "Pa chishango, iwe,
chinjoka chija chakupha kasanu."
Ine ndakaika pa lilime,
pa luso lonenerera mtengo.

Waseka mpaka kutsamwa chimanga chowotcha.
Sadziwa za mayi wa masana uja:
matumba awiri a kandolo, mwiniwake pamwamba,
kuchokera ku Kapata mpaka kutsinde kwa Kanjala.
Potsika akuti, "Ndili ndi faifi kwacha chabe."
Ine n'kuti zikomo.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndikupalasa.
Akatumba anga aliuma gwa,
maenje a msewu wa ku Mwami ndimawazemba ndi mumdima momwe,
koma palibe belu linandiliriraponso
kupatula langa la pahandulo.

Phethi! Magetsi apita.
Sindinasunge.
Mipeni ya usiku uno yamezedwa ndi mdima,
kadontho kanga nako.

Ndikukankha njinga kupita kwathu,
tcheni chikukhuluza pansi.
Wosula wamkulu wa ufumu wonse
mawa m'mamawa akabwereka sipanala.