Tsamba Loyera m'Kope la Ivor

Lachinayi lililonse, mvula ya ku Hull ikamatsika pamagalasi,
timakumana kuseri kwa sitolo ya Glenys
kumene zimbale zakale zimanunkha fumbi ndi makatoni onyowa.
Tatsala anayi, kuphatikiza mwini sitolo asanu.
Kale mipando inkachepa.

Glenys amapukuta chimbale ndi mkono wa juzi,
n'kuika kandalama pamutu pa singano
kuti isalumphe pamene panakalika.
Nyimbo isanayambe pamamveka kuthetheka
ngati wina akukazinga dzira m'nyumba yoyandikana,
ndipo tonse timati zii.

Lero mkangano ndi womwe uja:
nyimbo ya Lorna Tebbutt, ya mtsikana wodikira basi yomaliza,
kodi inafika pa nambala wani, kapena inathera pachiwiri?

"Inafika!" akutero Desmond, tebulo phaa, tiyi khuthu.
"Ndinali kufakitale ya nsomba, zala zili gwa ndi kuzizira.
Muulutsi atangoitchula, amayi onse anaponya mipeni
n'kuvina m'majombo, mamba ali mbee m'manja."

"Bodza lakolo," akutero Noreen.
"Pamwamba panakhala anyamata a tsitsi ngati mopu aja,
oimba za galimoto yofiira.
Ndinawada chaka chathunthu, ndingaiwale bwanji?"

Maso onse kwa Ivor, mwini makope.
Kuyambira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri,
Lamlungu madzulo, khutu pawailesi ya mayi ake,
ankalemba nyimbo makumi awiri zotsogola,
kamuvi kwa yokwera, kamtanda kwa yogwa.
Makope khumi ndi anayi, omanga ndi mphira.
La chaka chimenechi ankati linasowa.
Lero walitulutsa m'thumba la jekete.

Wanyambita chala, akuvundukula.
Nayu Lorna pa nambala 17. Sabata yotsatira, pa 9.
Kenako pa 4, ndi inki yobiriwira.
Kenako pa 2, m'mbali mnyamata atalemba:
Lamlungu likubwerali basi!

Watembenuza.

Tsamba lili mbuu.
Deti lokha pamwamba, ndi manambala otsetsereka m'mphepete,
wani mpaka twente, opanda dzina ndi limodzi lomwe.

"Wailesi inakhala pa nkhani za panyanja," akutero Ivor.
"Sitima ya bambo inali itatha masiku atatu osayankha.
Mayi anati wokhudza kabatani aona zakuda."

Tsamba lotsatira Lorna ali pa 6, akutsika,
ndipo zilembo za mnyamata zasintha,
zaima njo ngati za munthu wolipira lendi.

Pashelefu pali buku lonenepa lodziwa zonsezi.
M'thumba mwa aliyense muli foni
yoti ikhoza kuyankha tisanaphethire.
Palibe akusuntha.

Desmond akukanda chibwano:
"Mwina inali yachiwiri. Mutu wangawu ndi sefa."
"Ayi," akutero Noreen, "mwina wolondola ndi iwe.
Anyamata a mopu aja anabwera mochedwa."
Ndiye mkangano wayambiranso chobwerera,
aliyense kukankhira mnzake chipambano
ngati bisiketi yomaliza m'mbale.

Ine sindinenapo kanthu.
Ndinagula chimbalechi katatu:
choyamba chinapindika padzuwa la pawindo,
chachiwiri chinapita ndi mwamuna wanga woyamba,
chachitatu ndi ichi Glenys akubwezerapo singano.

Gitala akulowa monyang'ama.
Lorna, wazaka makumi awiri mpaka muyaya,
wayambanso kudikira basi yake pamvula.
Pofika pokalika paja, kandalama kalephera,
singano yalumpha mawu atatu,
ndipo Ivor, osadzutsa mutu, wawaimba yekha
ndi liwu losasa, mochedwa pang'ono.

Watenga pensulo.
Waiimika pamwamba pa mzere woyamba,
nsonga itatsala pang'ono kukhudza pepala.
Kunja basi ya nambala 56 yadutsa, yopanda anthu.

Pensulo waipanira kukhutu.
"Tembenuza, Glenys," akutero.
"Ya kuseriko ndi imene ndinkaikonda ine."