Fayilo Yosinthidwa

Usiku wa Juni ku Braamfontein,
zala zauma ndi chisanu.
Ndakonza mzere wolakwika uja,
fayilo ndasunga,
koma pazenera lakudali
yankho likubwera lomwe lija la masana.

Ndaziona, wa tebulo linalo, akuseka:
"Makinawa anawerenga kamodzi m'mawa,
akakamira zomwezo.
Auze awerengenso."

Ndalemba lamulo, fayilo yalowanso.
Zatheka.
Komabe tinthu tomwe ndinaumba kale
tikuyendera malamulo akale,
sitinamve kuti kwasintha.

Foni ikunjenjemera. Amayi, ku Ntcheu:
"Ukudya koma, mwana iwe? Usamayende usiku."
Zaka zisanu ndi zinayi ku Joni kuno,
imvi ziwiri pachibwano.

Ndaziona akuti kuzimitsa n'kuyambiranso
ndiye njira yachidule.

Sindizimitsa.
"Ndamva, amayi."