Malamba Atatu

Kudoko ndimamanga zombo.
Chingwe chonenepa ngati ntchafu ya munthu
ndimachikulunga pachitsulo n'kukoka mpaka chilire,
chombo chochokera kutali n'kugonja, n'kukhala phee.
Koma ikakwana eyiti koloko usiku
m'nyumba yathu yamalata, pamwamba pa phiri ku Valparaíso,
manja omwewa amachita mantha
ndi timalamba titatu.

Iyambe sokosi, yopanda khwinya.
A Olivares a kuchipatala anandiuza akundiyang'ana m'maso:
khwinya limodzi usiku, m'mawa ndi thuza.
Ndipinde bondo, ndidikire mtsempha ufewe,
pakuti ndi wamakani ngati mwini wake.
Chidendene chikhale pansi penipeni pa pulasitiki.
Lamba wa pakakolo. Lamba wa pakatumba.
Wa kuzala pomaliza.
Pansi pa aliyense palowe chala changa chimodzi,
koma chala changa ndi cha munthu wa kudoko,
ndiye ndimayesera chaching'ono.

Fresia amati ndi mabwato ake.
Anasankha yekha obiriwira, okhala ndi tinsomba tachikasu.
Sabata yoyamba ankawauza zinsinsi.
Sabata yachitatu anawaponya pansi pa bedi
n'kunena kuti amira.

Masana amayendera zala,
ngati dziko lili ndi ngongole naye
ndipo sakufuna kulipondetsa phazi lonse.
Usiku timapempha mtsempha kuti utalike
pang'ono chabe, kuchepa kwa ulusi,
iye ali m'tulo.

Ababa, akutentha.
Ndikudziwa.
Simukudziwa, inu mumagona mapazi ali pamtunda.

Sindiyankha. Akunena zoona.

Cha m'ma wani koloko ndimamva kwaaa,
lamba akumatuka mumdima pang'onopang'ono,
wakuba wa zaka zisanu ndi chimodzi akudziba yekha.
Masiku ena ndimadzuka n'kukamanganso.
Masiku ena ndimatembenukira kukhoma,
m'mawa n'kulemba maola asanu ndi atatu
papepala lomata pafiriji.
A Olivares amaliwerenga, n'kuyeza phazi,
n'kungoti, chabwino, tipitirize.

Mu Juni chivomerezi chinatipeza tili m'tulo.
Makapu anayamba kukangana m'kabati,
malata akulira, agalu a phiri lonse akuuwa.
Amayi ake anatola tochi, ine ndinatola mwana,
mabwato ali kumapazi, akundimenya m'nthiti
masitepe onse makumi asanu ndi anayi
mpaka pabwalo la golosale.
Anthu anali mbwee, ena ndi zofunda, ena ndi mphaka,
nkhungu itaphimba nyali za kudoko.
Mikono itatopa ndinamutsitsa ndisakuganiza.

Anaima.
Atagwira thalauza langa, inde,
ndipo nsapato zogonera si zoyendera, ndinauzidwa kale,
koma zidendene zonse ziwiri zinali pansi,
pa nthaka imene inali isanasiye kunjenjemera.
Anayang'ana mapazi ake, n'kundiyang'ana ine.
Ababa, pansi pakuseka.

Tinabwerera m'nyumba kukucha.
Ndinamasula malamba, ndinavula masokosi,
ndinayang'ana pofiira pakakolo
n'kudikira mphindi makumi awiri kuti pazilale.
Panazilala.

Mabwato obiriwirawo anamuchepera mu Novembala.
Atsopano ndi oyera, anakana zithunzi,
akuti nsomba ndi za ana.
Lamba wa kuzala amamanga yekha tsopano,
mokhota, lilime lili panja,
ndipo ndikafuna kukonza amandimenya dzanja.
Akale ali pamwamba pa kabati,
mapazi awiri opanda munthu, olunjika bwinobwino.
Amayi ake akuti tikawasiye kuchipatala.
Ndimati mawa.

Dzulo usiku ndinamvanso kwaaa.
Ndinadikira. Kunja sitima inalira kamodzi.
Kenako ndinamva lamba akumatidwanso,
kawiri, mpaka atagwira.